Munda wakale si wa abwana

Mnzanga wina wamkazi, amene tinkagwira naye ntchito pa kampani ina mu Limbe, anakhala pachibwenzi ndi mkulu wa dipatimenti yathu kwa zaka ziwiri. Palibe anamukakamiza, ndipo iye mwini amanena choncho mpaka lero. Ofesi yonse inkadziwa, kungoti tinkachita ngati sitikuona. Kenako anapeza mnyamata wofuna kumanga naye banja, amalume anali atayamba kale kuyenderana pa za chinkhoswe, ndiye anawauza abwanawo mwaulemu kuti basi, zathera pano.

Mwezi woyamba anali mameseji a pakati pa usiku. Wachiwiri kunali kumuitanira mu ofesi, kukhoma chitseko, kumugwira m'chiuno iye akukankha. Pofika mwezi wachitatu dzina lake linasowa pa mndandanda wa opita ku msonkhano ku Mangochi, ntchito imene ankaigwira bwino inapatsidwa kwa wina, ndipo anapatsidwa kalata yochenjeza chifukwa chochedwa tsiku la mvula limene theka la ofesi linachedwa. Atalimba mtima n'kupita kwa a HR, a ku ofesi yoona za ogwira ntchito, mayi amene anamulandira anamvetsera mpaka kumapeto, n'kuyankha kuti: "Koma achemwali, si paja munali pachibwenzi? Kakambiraneni awiri, ife za chikondi sitilowerera."

Yankho limeneli ndalimva kambirimbiri kuchokera nthawi imeneyo, kwa mamanejala, kwa anzanga pa minibasi, ngakhale kwa amayi a mvano. Ndi lolakwika, ndipo malamulo athu amene sagwirizana nalo.

Lamulo la Gender Equality Act la 2013, m'gawo 6, limati munthu wapalamula mlandu ngati achita chinthu chokhudza kugonana chimene mnzakeyo sakuchifuna, kaya ndi mawu, zizindikiro kapena kumugwira, pamene munthu woganiza bwino akanadziwa kuti zimenezo zimukhumudwitsa, zimuchititsa manyazi kapena kumuopseza. Chilango chake ndi chindapusa cha K1 miliyoni ndi kukhala kundende zaka 5. Werengani gawolo mobwerezabwereza, simupezamo pamene akuti "kupatula ngati awiriwo anagonanapo kale". Funso la lamulo ndi limodzi: pa tsiku limene munamugwira m'chiunolo, kodi iye ankafuna? Zimene ankafuna chaka chatha sizikuyankha funso limenelo. Ndipotu mwamuna amene wauzidwa maso ndi maso kuti chibwenzi chatha ndiye amene akudziwa bwino koposa wina aliyense kuti dzanja lake silikufunidwanso. Mlendo angathe kunamizira kuti sanadziwe. Iye alibe ponamizira.

Chimene chimatisokoneza ndi mwambi umene anyamata amanena akuseka pa bawo kapena ku bala, wakuti munda wakale suvuta kulima. M'mwambimu mkazi ndi munda, ndipo amene anaswapo mphanje ali ndi gawo lake mpaka kalekale. Abwana ambiri amalowa mu ofesi ndi maganizo amenewa, n'chifukwa chake akakanidwa samva ngati akanidwa, amamva ngati alandidwa chawo. Ndiye amatenga zida zimene kampani inawapatsa zoyendetsera ntchito, cholembera chosainira tchuthi, fomu yoyeza kagwiridwe ka ntchito, mphamvu yosankha wopita ku maphunziro, n'kuzisandutsa chikwapu chobwezera munthu amene wangogwiritsa ntchito ufulu wake wonena kuti ayi. Apa nkhaniyi yachoka kale kuchipinda, ili pa malipiro a munthu. Kampani singanene kuti sizikuikhudza pamene chikwapucho ndi chake.

Nkhani yakuti "anavomera yekha" inafika kale m'makhoti akuluakulu. Mu Juni 1986 khoti lalikulu kwambiri la ku America linagamula mlandu wa Meritor Savings Bank ndi Mechelle Vinson. Mayiyu analembedwa ntchito pa banki ya ku Washington mu 1974, ndipo anauza khoti kuti anagona ndi bwana wake maulendo 40 kapena 50 chifukwa choopa kuchotsedwa ntchito. Khoti loyamba linati ngati panali chibwenzi, ndiye kuti chinali chodzifunira. Koma khoti lalikulu linakana kaganizidwe kameneko. Linati kungoti munthu sanagwiridwe pakhosi si chitetezo kwa bwana, chofunika kufunsa n'chakuti kodi mayiyo anasonyeza kuti zofunsirazo sakuzifuna. Papita zaka pafupifupi 40 chigamulochi chiperekedwe, koma m'maofesi athu ambiri a HR akuganizabe ngati khoti loyamba lija.

Ndipo tisamathamangire kutchula chilichonse kuti chibwenzi. Mu Febuluwale 2021 kampani ya ku Britain ya Camellia inavomera kulipira mapaundi 2.3 miliyoni pothetsa mlandu wa amayi 36 a m'maesiteti a kampani yake ya Eastern Produce Malawi ku Mulanje ndi Thyolo, ngakhale kuti sinavomere kulakwa. Amayiwo ankadandaula za nkhanza zokhudza kugonana pantchito. Aliyense amene anakhalapo kufupi ndi minda ya tiyi amadziwa mphamvu za kapitawo pa mayi amene kontirakiti yake imatha nyengo yothyola ikatha. Mayi wotere akavomera, anzake pa mzere amati ali pachibwenzi ndi akapitawo. Akadzati watopa n'kusalembedwanso nyengo yotsatira, anthu omwewo amati chibwenzi chatha basi. Ine sindikuona pamene panali chikondi pamenepo. Koma ngakhale pamene chinalipo chenicheni, monga kwa mnzanga uja, ufulu wosiya sunachoke.

Anzathu a ku South Africa, kumene abale athu ambiri akugwira ntchito m'nyumba, m'mashopu ndi m'mafamu, anachita kulemba mfundoyi poyera. Ndondomeko yawo ya 2005 yoyendetsera madandaulo a mtunduwu pantchito inanena kuti kuvomera zogonana m'mbuyomu sikutanthauza kuti khalidwelo likulandiridwabe. Ndi chiganizo chimodzi chokha, koma chimatseka pakamwa pa manejala aliyense wofuna kuyamba ndi "si paja". Ife chiganizo choterocho tilibe m'lamulo lathu. Tanthauzo lake lilimo, koma munthu amafunika kuchita kulifukula, ndipo kalaliki wa HR amene akuopa abwana safukula.

Pali pena pamene lamulo lathu ndi lopereweradi, ndipo apa ndi pamene pamandidetsa nkhawa kwambiri. Gawo 6 limakamba za khalidwe lokhudza kugonana. Meseji ya usiku ndi dzanja la m'chiuno zikulowa mosavuta. Nanga bwana wochenjera, amene akakanidwa satumizanso meseji, sagwiranso munthu, koma amangoyamba kupeza zolakwa pa lipoti lililonse, kumana tchuthi, kusamutsira munthu ku nthambi ya kutali podziwa kuti ali ndi mwana wa sukulu m'tauni? Pa zonsezi palibe mawu otukwana ngakhale amodzi. Loya wake adzaima m'khoti n'kunena kuti apa palibe zogonana, ndi anthu awiri amene anadana basi.

Mfundo imeneyi inapambanapo ku America. M'chaka cha 2000 khoti la apilo linakana dandaulo la mphunzitsi wina wamwamuna wa ku Miami, amene ankazunzidwa pa sukulu ndi mphunzitsi mnzake wamkazi chibwenzi chawo chitatha. Oweruza anati mayiyo sankamuzunza chifukwa choti ndi mwamuna, ankangopsa mtima ndi chibwenzi chimene chinalephereka. Patapita zaka 7, khoti lina la apilo, la ku Boston, linaona zinthu mosiyana pa mlandu wa mayi wogwira ntchito mu lesitilanti ya Chili's ku Maine, amene ankatukwanidwa ndi mnzake wa pantchito yemwe anali bwenzi lake kale. Khotilo linati simungalekanitse ziwirizi, pakuti chibwenzicho sichikanayamba n'komwe mayiyo akanapanda kukhala mkazi. Ine ndili kumbali ya khoti lachiwirili. Mkwiyo wa munthu wokanidwa gwero lake ndi kukanidwa pa zogonana, ndipo kuuvula dzina limenelo n'kuutcha chidani wamba ndi kupereka mphoto kwa wozunza amene ali ndi nzeru zobisa. Chinanso chofunika kudziwa pa mlandu wa ku Maine n'chakuti kampaniyo sinapezeke yolakwa, chifukwa itamva dandaulo inachitapo kanthu msanga mpaka kumuchotsa ntchito mwamunayo. Olemba ntchito amene amaopa milandu aphunzirepo apa: chimene chimawapulumutsa ndi kuchitapo kanthu, kuthawa nkhani n'kumene kumawamiza.

A ku Britain anatseka mpata umenewu m'lamulo lawo la Equality Act la 2010. Gawo 26 limanena kuti kumuchitira munthu zoipa chifukwa chakuti anakana khalidwe losafunidwa lokhudza kugonana, kapena chifukwa chakuti analigonjera, nakonso ndi nkhanza. Mawu akuti "analigonjera" ndi ofunika kwambiri, chifukwa akuteteza uja amene anavomera dzulo mwamantha. Aphungu athu a Nyumba ya Malamulo akadzakhala pansi kuunikanso Gender Equality Act, ziganizo ziwiri zimenezi, cha ku South Africa ndi cha ku Britain, ndi zimene ndikufuna aikemo.

Sikuti pakadali pano wobwezeredwa alibe pogwira. Malamulo aakulu a dziko lino, m'gawo 31, amapatsa aliyense ufulu wochitiridwa chilungamo pantchito, ndipo gawo 24 limatchula nkhanza zokhudza kugonana ndi tsankho la pantchito ngati zinthu zoyenera kuthetsedwa. Mu 2005, lamulo la 2013 lisanabadwe n'komwe, khoti la zantchito la Industrial Relations Court linagamula mokomera mayi wina wa ku ofesi ya Ombudsman amene anatsitsidwa paudindo atakana zofuna za mkulu wake. Employment Act ya 2000 nayo imati munthu asachotsedwe ntchito popanda chifukwa chomveka chokhudza luso lake, khalidwe lake kapena zofunika za kampani, komanso asanapatsidwe mpata wodziteteza, ndipo ndi wolemba ntchito amene ayenera kupereka chifukwacho. Gawo 60 la lamulo lomweli limazindikiranso kuti munthu akhoza kusiya yekha ntchito chifukwa chakuti zochita za wolemba ntchito zafika posapiririka, ndipo zimenezo zimawerengedwa ngati wachotsedwa. Zida zilipo, kungoti zamwazikana m'malamulo atatu, ndipo mtsikana wa pa risepushoni sangazitolere yekha popanda loya.

Koma chimene chimatseka pakamwa amayi ambiri si kuperewera kwa malamulo. Ndi manyazi. Abwana ambiri otere ali pabanja. Kudandaula ndiye kuti kuulula wekha kuti unkayenda ndi mwamuna wa mwini, ndipo tikudziwa tonse dzina limene mkazi amapatsidwa zikatero, pamene mwamunayo amangotchedwa wamphongo. Nkhani ikafika kwa mayi a kunyumba, amene amabwera kudzatukwanidwa pa geti ya kampani ndi mtsikanayo. Ikafika ku mpingo, amene amaimitsidwa mgonero ndi kuchotsedwa m'kwaya ndi yemweyo. Wozunza amadziwa zonsezi, n'chifukwa chake saopa. Ena amafika pogwiritsa ntchito zithunzi zimene anatumiziridwa nthawi ya chikondi, kuopseza kuti aziponya m'magulu a WhatsApp kapena azitumiza kwa mwamuna watsopanoyo. Kumeneko ndi kupalamula kwina, pakuti lamulo la Electronic Transactions and Cyber Security Act la 2016 limaletsa kuzunza ndi kuopseza munthu kudzera pa foni kapena pa intaneti.

Sindikunena kuti kuyenda ndi mwamuna wapabanja n'kwabwino. Ndikunena kuti ndi nkhani ina, yokhala ndi bwalo lake kwa ankhoswe ndi kwa abusa. Mayi amene wasiya chibwenzi chotere wachita chimene ampingo ndi makolo akhala akumuuza kuti achite. Ndiye n'zopweteka kuti pa tsiku limene wachita chabwinocho ndi pamene tonse tikumusiya yekha kuti alangidwe ndi amene anachimwa naye limodzi. Pamene bungwe la Malawi Human Rights Commission linatulutsa lipoti lake la kafukufuku wa ku MBC mu Malichi 2021, limene linapeza kuti amayi ogwira ntchito kumeneko anachitiridwa nkhanza zokhudza kugonana, tinamva anthu akufunsa kuti n'chifukwa chiyani anakhala chete zaka zonsezo. Ngati amayi amene sanavomerepo kalikonse amatenga zaka kuti alankhule, kuli bwanji amene akudziwa kuti mbiri yake ikayalidwa pa tebulo?

Ndikudziwa chimene abambo ambiri owerenga ali nacho mumtima. Akuti nanga mkazi akasiyidwa, n'kupsa mtima, n'kukanama kuti ankazunzidwa? Zimenezi zikhoza kuchitika, ndipo mwamuna wonamiziridwa amataya ntchito, banja ndi mbiri. Sindikuzipeputsa. Koma mankhwala a bodza ndi kufufuza, si kukana kumva dandaulo. Ndipo milandu ya anthu amene anali pachibwenzi ndi imene imakhala ndi umboni wochuluka kuposa ina, chifukwa awiriwo amakhala atalemberana kwa miyezi. Tsiku limene wina anati basi limaoneka. Amene anapitiriza kuimba foni pambuyo pake amaoneka. Mafomu oyeza ntchito a chaka chatha ndi a chaka chino akhoza kuikidwa pamodzi, n'kufunsa abwana kuti munthu amene munkamuyamikira mu Disembala wasanduka bwanji waulesi mu Malichi. Mwamuna wosalakwa amapindula ndi kafukufuku wotere, chifukwa ndi yekhayo amene angamuyeretse. Kunong'onezana kwa m'makhonde sikuyeretsa munthu.

Tizinenanso zoona kuti si kupweteka kulikonse kwa pambuyo pa chibwenzi kumene kuli mlandu. Ngati abwana asiya kukutengani pa galimoto yawo, asiya kukugulirani nkhomaliro, akukupatsani moni wouma, pirirani, zimenezo lamulo silizidziwa. Ngati munkapita ku misonkhano yonse ya kunyanja chifukwa cha chibwenzi pamene anzanu oyenera ankatsala, kubwerera pa mzere si kuzunzidwa. Chimene chili mlandu ndi kukakamira thupi la munthu amene wakana, ndi kumulanda chimene anayenera kulandira mwa ntchito yake. Ndipo wozunzidwa sakhala mkazi nthawi zonse. Gawo 6 silisankha, limateteza ndi mnyamata yemwe amene wasiya chibwenzi ndi bwana wamkazi, ngakhale kuti iye akadandaula anzake amayamba ndi kumuseka.

Makampani ena amaganiza kuti njira ndi kuletseratu zibwenzi pantchito. Sizitheka. Anthu amakhala limodzi kuyambira m'mawa mpaka madzulo, ndipo mabanja ambiri abwino amene tinavina pa maukwati awo anayambira mu staffroom kapena mu wodi ya chipatala. Chiletso chimangokankhira zibwenzi kumdima, kenako wodandaula amaopa kuti akaulula achotsedwa chifukwa chophwanya lamulo la kampani. Chimene chingatheke n'chakuti munthu asakhale woyeza ntchito, wosainira tchuthi kapena wosankha kukwezedwa kwa amene ali naye pachibwenzi, kapena amene anali naye. Zikadziwika, mphamvu imeneyo ipite kwa manejala wina tsiku lomwelo. Ndipo pakafunika kusamutsa mmodzi, asamangothamangira wamng'ono. Kusamutsa wodandaula n'kusiya abwana pampando wawo ndi kumaliza ntchito imene abwanawo anaiyamba.

Gawo 7 la Gender Equality Act limafuna kuti malo a ntchito akhale ndi ndondomeko yothana ndi nkhanzazi, kuphatikizapo munthu wapadera, amene sali pa mzere wa mabwana a wodandaulayo, woti n'kumufikira mwachinsinsi. Limanenanso chinthu chimene ambiri sachidziwa: wozunzidwa sakakamizidwa kudikira kuti njira za m'kampani zithe asanapite ku polisi kapena ku khoti. A HR akakubwezani, chitseko sichinatsekeke. Mukhoza kupita ku Malawi Human Rights Commission, imene lamuloli linaipatsa udindo woonetsetsa kuti likutsatidwa.

Kwa amene ali m'kati mwa zimenezi lero, ndinganene zimene ndikanakonda wina akanamuuza mnzanga uja. Mawu akuti chibwenzi chatha alembeni kamodzi pa meseji, momveka, opanda nthabwala, ndipo musawafufute. Musafufutenso mayankho, ngakhale akunyansani kapena mukuopa kuti wokondedwa wanu watsopano awaona, atumizeni kwa mchemwali wanu kapena ku imelo yanu yanuyanu, osati ya kampani. Lembani m'kabuku tsiku ndi zimene zachitika. Dandaulo lanu likhale lolemba, ndipo sungani kope yodindidwa. Mukachotsedwa ntchito, kapena mukasiya chifukwa chosapiririka, musachedwe: Employment Act imapereka miyezi 3 yokadandaula kwa mkulu wa ofesi ya leba ya m'boma lanu.

Mnzanga uja anapirira miyezi 7, kenako analemba kalata yosiya ntchito ya mizere itatu, yothokoza kampani chifukwa cha mwayi umene inamupatsa. Za abwana sanalembemo kanthu, ankaopa kuti apongozi ake amva. Anakhala chaka chathunthu akugulitsa kaunjika asanapeze ntchito ina, ya malipiro ocheperapo. Za miyezi 3 ya ku leba anadzazimva nthawi itadutsa kale. Ife anzake tinamusonkhera ndalama ya mphatso yotsanzikana, ndipo palibe mmodzi wa ife, ine ndemwe, amene anapita kwa a HR kukanena zimene tinkaona ndi maso athu pamene chitseko chija chinkakhomedwa.